MLANDU WA AKAVALO A M'THENGO KU AMERICA

Kumadzulo kwa dziko la United States of America, makamaka m'chigawo chouma cha Nevada, kuli akavalo zikwizikwi amene alibe khola kapena mbusa. Amayenda m'magulu, nadya msipu wa m'malo a Boma, namwa pa akasupe a m'chipululu. Eni dziko amawatcha mustang. Lamulo la 1971 linaletsa kuwasaka ndi kuwapha, koma kufikira lero Boma la kumeneko silinathe kuyanjanitsa akavalowo, oweta ng'ombe, ndi nthaka imene onsewo adalira.

Makolo a nyamazi anadza pa zombo za anthu a ku Spain kuyambira zaka za m'ma 1500. Ena anathawa, ena anatayidwa ndi eni ao, naswana m'thengo kufikira anadzaza zigwa. Pamene makina analowa m'malo mwa kavalo pa ulimi ndi pa ulendo, mtengo wache unagwa, ndipo anthu anayamba kupirikitsa a m'thengowo ndi ndege ndi magalimoto, nawagulitsa kwa opanga chakudya cha agalu ndi nkhuku.

M'chaka cha 1950 mai wina wogwira ntchito ya ulembi ku Reno, dzina lache Velma Johnston, anaona lole ikudontha mwazi pa mseu patsogolo pache. Anailondola, napeza kuti inali yodzaza ndi akavalo ovulala opita kokaphedwa. Kuyambira pamenepo maiyo sanapume ai. Adani ache anampatsa dzina lomseka lakuti Wild Horse Annie, koma iye analilandira monga ulemu. Mu 1959 Nyumba ya Malamulo inaletsa kusaka akavalo ndi ndege kapena galimoto m'malo a Boma, ndiponso kuthira chiphe m'madzi ao. Popeza lamulolo linalibe mano okwanira, maiyo anapempha ana a sukulu kuti alembere aphungu ao makalata, ndipo makalatawo anafika ochuluka kotero kuti aphungu sanathe kuwanyalanyaza. Mwezi wa December 1971 Pulezidenti Richard Nixon anasaina lamulo latsopano loika akavalo ndi abulu a m'thengo m'manja mwa nthambi ziwiri za Boma, Bureau of Land Management ndi Forest Service.

Tsono chitetezocho chinabala vuto lina. M'madera ambiri mulibe zirombo zokwanira kuchepetsa akavalo, ndipo gulu limatha kuwirikiza kawiri pa zaka 4 kapena 5 zokha. Boma linawerengera kuti malo amene linapatula angathe kusunga bwino nyama ngati 27,000, koma mu 2020 zinalipo ngati 95,000, ndipo mu 2024 zinali zoposabe 73,000. Oweta ng'ombe, amene mu 2024 analipira Boma $1.35 pa mwezi pa ng'ombe imodzi ndi mwana wache, akuti akavalo amametera udzu pansi ndi kupondereza akasupe. Abwenzi a akavalo akuyankha kuti ng'ombe ndi nkhosa zodya m'malo a Boma nzochuluka kopambana akavalowo. Onse awiri akunena zoona, ndipo nchifukwa chache mlanduwu suweruzika msanga.

Kuyambira 1976 lamulo linalola Boma lokha kukusa akavalo ndi helikoputa. Nyamazo zimathamangitsidwa mtunda wautali kufikira zitalowa mumpanda, ndipo nthawi zina tiana timathyoka miyendo ndi kufa. Zogwidwazo zimaikidwa m'makola ndi m'mabusa a lendi. Mu 2024 zinalimo zoposa 60,000, ndipo kuzidyetsa kunatha ndalama zoposa $100 miliyoni pa chaka, ndiye gawo lalikulu la chuma chonse cha ntchitoyi. Mu 2013 akatswiri a bungwe la National Academy of Sciences anachenjeza kuti kuchotsa akavalo ambiri kumasiyira otsalawo udzu wochuluka, iwo naswana msanga koposa kale. Kumeneku nkutunga madzi ndi lichero. Akatswiriwo anayamikira mankhwala oletsa kubereka, monga otchedwa PZP, amene amalasidwa pa thupi la kavalo wamkazi ndi kamuvi. Koma mphamvu yache imatha patapita chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo kulondola kavalo yemweyo chaka ndi chaka m'chipululu chachikulu chotero si ntchito yamasewera.

Njira inanso ndiyo kupereka akavalo kwa anthu ofuna kuwaweta, imene inayamba mu 1973. Mu 2019 Boma linayamba kupatsa munthu $1,000 akatenga kavalo wosaphunzitsidwa. Posakhalitsa kunamveka madandaulo akuti ena analandira ndalamazo, nakagulitsa akavalowo kwa amalonda owatengera kokaphedwa ku Mexico ndi ku Canada, pakuti nyumba zophera akavalo za m'dziko la America zinatsekedwa mu 2007. Mwezi wa March 2025 woweruza wa bwalo la milandu la Boma ku Colorado anaimitsa malipirowo.

Lamulo linasinthidwa mu 2004 kuti akavalo opitirira zaka 10, ndi amene akanidwa katatu ndi ofuna kuweta, agulitsidwe popanda malire. Komabe aphungu akhala akulemba m'lamulo la chuma chaka ndi chaka kuti ndalama ya Boma isagwire ntchito yopha kavalo wamoyo bwino, ndipo pa chifukwa chimenechi okalambawo amadyetsedwa m'mabusa a lendi kufikira imfa yao.