Cikuto ca Cimbale ndi Nyimbo za Makina a Magetsi

Akale anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu ucenjeza munthu kuti asanyengedwe ndi maonekedwe a kunja. Koma ziripo zinthu zina zimene kunja kwace kunakonzedwa dala kuti kuulule za m'kati, ndipo cimodzi ca izo ndico cikuto ca cimbale ca nyimbo. Kuyambira caka ca 1948, pamene kampani ya Columbia ku America inayamba kugulitsa zimbale zazikuru za mainchi 12, cikuto cinakhala ngati khomo la nyumba, pakuti wogula amayamba waona ico asanamve kanthu.

Pa nyimbo zambiri nchito ya wojambula cikuto inali yapafupi. Woimba gitala ankamjambula atanyamula gitala wace, ndipo woomba lipenga ankamjambula lipenga liri pakamwa. Wogula poona nkhope ndi coimbira ankadziwiratu zimene adzamva. Bvuto linadza pamene kunabadwa nyimbo zopangidwa ndi makina a magetsi. M'nyimbo zotere mulibe nsambo yokhudzidwa ndi cala, mulibe cikopa ca ng'oma comenyedwa ndi dzanja, ndipo kawirikawiri mulibe ngakhale liu la munthu. Mwini nyimbo angokhala pa gome napotoza timabatani. Nanga wojambula aike ciani pa cikuto? Mayankho a funso limeneli anapezeka m'mizinda inai, iwiri ya ku England, umodzi wa ku Germany ndi wina wa ku America.

Düsseldorf: Munthu Atsanzira Makina

M'caka ca 1970, mu mzinda wa Düsseldorf ku Germany, Ralf Hütter ndi Florian Schneider anayambitsa gulu lochedwa Kraftwerk, ndiko kunena nyumba yopangiramo magetsi. Cimbale cao ca 1974, Autobahn, ciri ndi nyimbo ya mphindi 22 yotsanzira ulendo wa pa galimoto: kulira kwa injini, kuomba kwa hutala, ndi liwiro losalekeza pa mseu waukuru. Mnzao wina wodziwa kujambula ndi utoto, Emil Schult, anajambula mseu womwewo monga auonera munthu wokhala pa ciongolero: galimoto la Mercedes mbali ina, ka Volkswagen patsogolo, ndi dzuwa liri pamwamba pa mapiri. Cimene cinadzaza cikuto si oimba ai, koma mseu. Ndipo pamene cimbaleci cinagulitsidwa ku Britain, cithunzi conse cinacotsedwa, nipatsala cizindikiro cokha ca pa mseu, ca mizere yoyera pa mtundu wa thambo.

Pa cimbale ca 1978, Die Mensch-Maschine, kutanthauza munthu amene ali makina, oimba anai onse aoneka, koma sali monga oimba ena. Aimirira pa makwerero, onse abvala malaya ofiira ndi matayi akuda, onse apenya mbali imodzi, ndipo nkhope zao zilibe cimwemwe kapena cisoni. Mitundu iripo itatu yokha: wofiira, wakuda ndi woyera, ndipo zilembo zace nzopendekeka. Karl Klefisch, amene anakonza cikutoci, anatsata njira ya El Lissitzky, mmisiri wa ku Russia wa zaka za m'ma 1920, wa gulu lija linkaphunzitsa kuti cithunzi cimangidwe monga injiniya amangira mlatho. Nyimbo za m'katimo ziri comweco: kugunda kwace sikufulumira kapena kucedwa, ndipo mau a oimba apyola m'makina kufikira amveka ngati a citsulo. Pofika 1981, pa cikuto cacikasu ca Computerwelt, matupi a anthu anaiwo anazimirira, ndipo panatsala mitu yao yokha, iri m'kati mwa galasi la kompyuta.

Manchester: Cikuto Copanda Dzina

M'mwezi wa March 1983 gulu la New Order la ku Manchester linaturutsa mbale ya nyimbo yochedwa Blue Monday. Nyimboyi, ya mphindi zoposa 7, iyamba ndi kugunda kwa ng'oma ya makina kokhakokha. Peter Saville, wojambula wa kampani ya Factory, atapita kumene gululi linkakonzera nyimbo zace, anaona kambale kakuda kosungiramo mau a makina, ka mtundu uja makompyuta a masiku amenewo ankagwiritsa nchito. Iye anakuza kambaleko nikafika mainchi 12, naboola cikuto m'malo momwe kambaleko kali ndi mabowo, kotero kuti pepala lotuwa la m'kati linkaonekera.

Pa cikutopo panalibe nkhope, panalibenso dzina la gulu kapena la nyimbo lolembedwa ndi zilembo. M'mphepete mwace munali timabokosi ta mitundumitundu, kalikonse koimira cilembo, ndipo cinsinsi ca kawerengedwe kace cinasindikizidwa kuseri kwa cimbale cina ca gulu lomwelo, Power, Corruption & Lies, ca caka comweco. Ganizo lace linali lakuti uthenga uoneke ngati wolembedwa kuti makina auwerenge, osati munthu. Kuboola mapepala kotere kunali kokwera mtengo, ndipo nkhani inachuka kuti poyamba kampani inkataya ndalama pa mbale iriyonse yogulidwa. Komabe mbale imeneyi inagulidwa kuposa mbale ina iriyonse ya nyimbo imodzi ya mainchi 12.

Detroit: Nkhope Ibisika

Nyimbo za Kraftwerk zinaoloka nyanja nizimveka pa wailesi mu mzinda wa Detroit ku America, mzinda wa mafakitale a galimoto, umene pa nthawiyo nchito zinali kutha ndi nyumba zambiri kusanduka mabwinja. Anyamata atatu acikuda amene anadziwana pa sukulu ku Belleville, Juan Atkins, Derrick May ndi Kevin Saunderson, anayamba kupanga nyimbo zao zobvinira, zimene zinachedwa techno. Atkins anatsegula kampani yace yaing'ono, Metroplex, m'caka ca 1985, ndipo pa mbale zace sanalembe dzina lace, koma Model 500, dzina longa la cipangizo coturuka m'fakitale.

Mbale za techno zinali ndi wogula wace wace, ndiye woimbitsa mbale m'nyumba zobvinira, amene masiku ano achedwa DJ. Munthu ameneyu agwira nchito mu mdima ndi mofulumira, nalumikiza nyimbo ina ndi inzace popanda mpata. Kwa iye mbale iri ngati khasu kwa mlimi. Cotero cikuto cinakhala pepala wamba, loyera kapena lakuda, lokhala ndi bowo pakati loonetsa kapepala kozungulira ka pa mbale. Luso lonse la wojambula linapanikizidwa pa kapepala kameneko. Mbale zina zinaturuka ndi kapepala koyera kopanda cilembo ciri conse, kapena kodindidwa cidindo ndi dzanja. Umphawi wa timakampani tating'ono unathandizira, koma panalinso cifuniro. Gulu la Underground Resistance, limene Mike Banks ndi Jeff Mills anayambitsa m'caka ca 1989, linkaphimba nkhope zao poonekera kwa anthu, pokana mwambo wa makampani akuru wogulitsa nkhope ya woimba m'malo mwa nyimbo yace. Kubisika kumeneku kunali uthenga pa kokha: wakumva achere khutu ku kugunda, asafunse kuti mwini wace aoneka bwanji.

Sheffield: Makina Akhala Pansi

Techno itafika ku England inamera mizu m'mizinda ya mafakitale ya kumpoto. Ku Sheffield, mzinda wochuka ndi zitsulo, kampani ya Warp inayamba m'caka ca 1989. Ojambula a The Designers Republic, otsogozedwa ndi Ian Anderson, anaipangira zikuto za mtundu umodzi, wonga maluwa a jakaranda. Pakuti maina a opanga nyimbo anali acilendo ndipo ankasinthasintha, wogula ankatsata mtunduwo, podziwa kuti mbale yobvala cotero idzamkondweretsa. Apa dzina la kampani linatenga malo a nkhope ya woimba.

Koma m'caka ca 1992 kampaniyi inafuna kugulitsa nyimbo za makina zosayenera kubvinidwa, zomvera pa nyumba. Nanga anthu ozolowera kubvina akanadziwa bwanji? Yankho linaikidwa pa cikuto ca cimbale ca Artificial Intelligence, cojambulidwa pa kompyuta ndi Phil Wolstenholme. Munthu wa citsulo watsamira pa mpando wa ndalema m'cipinda cocezera, ndipo pansi pali zikuto za zimbale zimene wakhala alikumvera. Cimodzi ndico The Dark Side of the Moon ca gulu la Pink Floyd, ca 1973, cimene anthu ankacimva ali khale. Cina ndico Autobahn comwe cija. Popanda kulongosola, cithunzici cinauza wogula kuti akhale pansi, ndipo cinamsonyezanso makolo a nyimbozo. Pa cikuto ca 1978 anthu anaimirira ciriri ngati makina. Patapita zaka 14, makina anakhala pansi ngati munthu wotopa.

Cimene Zikutozi Ziphunzitsa

Poyang'ana zikuto za m'mizinda inai imeneyi cioneka cinthu cimodzi. Nyimbo ikasowa mau ndi nkhope, cikuto cisenza nchito imene mau ndi nkhope zikadagwira. Ciuza munthu kumene nyimbo yacokera, kaya ndi pa mseu, m'fakitale kapena m'kati mwa kompyuta. Cimuuzanso kumene ayenera kuimvera, kaya ndi pa bwalo la gule kapena pa mpando wace. Lero anthu ambiri amvera nyimbo pa foni, ndipo cikuto ca mainchi 12 cacepa kufikira cilingana ndi sitampa ya pa kalata. Zithunzi za zinthu zambirimbiri zisokonezeka pa kamalo kotere, koma mizere yoyera ya Autobahn ndi malaya ofiira a anthu anai aja zizindikirika msanga, pakuti anazikonza monga akonzera zizindikiro za pa mseu, kuti wodutsa pa liwiro aziwerenge ndi kupenya kumodzi.