Thebulo la mmisiri m'mbali mwa nyanja: kamangidwe kake ku Makuzi

Thebulo logwirirapo ntchito limasiyana ndi lodyerapo chifukwa cha zimene limakumana nazo. Lodyerapo limangonyamula mbale, pamene la mmisiri limamenyedwa ndi hamala, limakankhidwa ndi puleni, ndipo limapotokoledwa nthawi zonse munthu akamamasula bawuti yadzimbiri pa vayisi. Ku Makuzi, kufupi ndi Chintheche m'boma la Nkhata Bay, thebulo lotere limafunika kwa kalipentala, kwa wokhoma maboti amatabwa, ndiponso kwa makaniko wa injini za asodzi a usipa. Luso lopala matabwa si lachilendo kuderali, pakuti mishoni ya Livingstonia, imene inadziwika ndi kuphunzitsa ntchito zamanja, inakhazikika ku Bandawe mu 1881 motsogozedwa ndi Robert Laws, isanasamutsire likulu lake ku Khondowe mu 1894.

  Vuto la thebulo lotere ndi lomwelo kulikonse: mphamvu ikalowa pamalo amodzi, thebulo lisagwedere, lisapendeke, ndipo thabwa lapamwamba lisapindike.

Choyamba ndi malo. Dothi la m'mbali mwa nyanja ndi mchenga, ndipo mwendo wa thebulo umalowa mumchenga pang'onopang'ono, wina kuposa unzake. Thebulo lokhomedwa bwino kwambiri likaikidwa pamchenga, pakatha milungu yochepa limayamba kutsimphina. Njira yabwino ndi kuwaka pansi ndi simenti, koma ngati ndalama zavuta, mmisiri amakumba maenje anayi, kusinja miyala m'menemo, n'kuyala njerwa zowotcha kapena kuthira konkire mpaka kupitirira pang'ono pamwamba pa dothi. Maenje onse anayi amayesedwa ndi levulo. Kukwirira miyendo m'dothi, monga ena amachitira poganiza kuti akulimbitsa, n'kuitana chiswe ndi kuwola. Mwendo uzikhala pamwamba pa konkire, pakati pake pataikidwa kapepala ka pulasitiki kapena kachidutswa ka tayala kotchinga chinyontho.

Thebulo loyandikana ndi khoma la njerwa lili ndi mwayi wina: likhoza kumangiriridwa kukhomako ndi tizitsulo topinda ndi mabawuti, ndipo limasiyiratu kugwedera ngakhale matabwa ake ali opepuka. Kuwala kuzichokera pambali kapena kutsogolo kuti mthunzi wa mmisiri usagwere pantchito. M'miyezi ya mwera mphepo imauluza mchenga, ndipo mchenga ukalowa m'kabuleta yomasulidwa ntchito yonse imayambiranso, choncho mbali ya kum'mwera kwa shedi ndi yofunika kutchinga.

Pankhani ya matabwa m'pamene anthu ambiri amawonongera ndalama pachabe. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yolimba, ndipo mlombwa chiswe chimauopa, koma mitengo yachilengedwe yotere yasowa, yakwera mtengo, ndiponso kuidula kumafuna chilolezo cha dipatimenti ya zankhalango. Thebulo lomenyerapo zitsulo silifuna kukongola kwa mlombwa. Paini wa ku Chikangawa ndi amene amapezeka kwambiri kumpoto. Nkhalango ya Viphya, kumene painiyu amachokera, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inadzalidwa ndi cholinga chodyetsa fakitale ya mapepala imene inkayembekezeka kumangidwa ku Chintheche komweko. Fakitaleyo siinamangidwe, ndipo mitengoyo inasanduka matabwa. Paini ndi wofewa komanso chiswe chimamukonda, koma akakhala wochindikala ndi wothiridwa mankhwala amagwira ntchito zaka zambiri. Bulugamu ndi wolemera ndipo amachita bwino pa miyendo, ngakhale amang'aluka akauma mofulumira. Malaina ndi wosavuta kupala, sapindika kwenikweni, koma ndi wopepuka. Matabwa a mitengo ya labala, ngati imene imalimidwa ku Vizara, amafumbwa msanga akapanda kuthiridwa mankhwala.

Mtengo uliwonse umene wasankhidwa uyenera kukhala wouma. Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo thabwa locheka kumene limachedwa kuuma. Thabwa laliwisi likakhomedwa, limafota likamauma, mabowo a mabawuti amakhwepa, ndipo thebulo lomwe linali lolimba mu Febuluwale limayamba kulira mu Okutobala. Matabwa aziyalidwa pamthunzi, motalikira pansi, pakati pawo pataikidwa timitengo kuti mpweya uzidutsa, kwa miyezi ingapo.

Msinkhu wa thebulo umatengera mwini wake. Popala matabwa, pamwamba pa thebulo pazifika pamfundo ya dzanja munthu ataimirira manja ali m'munsi, ndipo kwa anthu ambiri apa ndi pa masentimita 85 mpaka 90. Wosula ndi wocheka zitsulo amayesa mosiyana: milomo ya vayisi izifika pachigongono. Kutalika kwa masentimita 150 mpaka 180 n'kokwanira, ndipo m'lifupi musapitirire kwambiri masentimita 60, kuti dzanja lizifika kumbuyo popanda kuwerama. Miyendo imachokera ku matabwa a 4 by 4, kapena a 2 by 4 awiri omatidwa ndi guluu n'kumangidwa pamodzi. Thabwa lapamwamba lisachepere masentimita 5 kuchindikala kwake.

Chimene chimaletsa thebulo kugwedera si kunenepa kwa miyendo ayi, koma kalumikizidwe kake. Miyendo inayi yongokhomedwa kumtunda imavina munthu akangoyamba kucheka. Pamafunika mitanda iwiri kuzungulira, wina pansi pa thabwa lapamwamba, wina pafupi ndi pansi, ndipo miyendo izisemedwa pang'ono kuti mtanda uzikhala m'kamphako m'malo molendewera pa msomali. Kumbuyo kumakhomedwa thabwa lopingasa kuchokera kukona yakumtunda kufika kukona yakumunsi, kapena pulayiwudi wathunthu. Misomali yokha siyokwanira, chifukwa kugwedezeka kwa tsiku ndi tsiku kumaizula. Mabawuti a mamilimita 10 kapena 12 okhala ndi mawasha aakulu ndi abwino chifukwa akakhwepa amamangidwanso ndi sipanala. Pamitanda yam'munsi pamayalidwa shelefu, ndipo pamenepo m'poika zinthu zolemera monga zitsulo, nangula wakale kapena thumba la mchenga, umene ku Makuzi sagula. Kulemera kwa m'munsiku kumathandiza kwambiri pamene injini ya Yamaha ya mahosipawa 15, yolemera makilogalamu oposa 35, yakolekedwa m'mphepete.

Vayisi imaikidwa pakona, pamwamba penipeni pa mwendo, kuti mphamvu ya hamala izitsikira pansi osati pakati pa thabwa. Mlomo wake wosayenda uzitulukira pang'ono kunja kwa mphepete kuti chitsulo chachitali, monga shafiti ya pulopela, chizitha kulendewera osagunda thebulo. Mabawuti ake azidutsa thabwa lonse, ndipo kunsi kuziikidwa chitsulo chophwatalala kapena thabwa lolimba kuti nati isamire m'paini.

Zotsala ndi zosamalira. Miyendo imapakidwa mankhwala a chiswe, makamaka kumapeto kumene mtengo umamwera madzi; ambiri amagwiritsa ntchito oyilo wakutha wa injini, amene ndi wotchipa koma amadetsa ndipo sayenera kutayikira kunyanja. Pamwamba pa thebulo la makaniko pamakhomedwa lata losalala kuti mafuta asalowe m'thabwa ndiponso tizipangizo ting'onoting'ono tisasowe m'ming'alu. Zigubu za petulo ndi mabatire a nyale zopherera usipa zizikhala kutali ndi pamene akunolera kapena kuwotcherera zitsulo, makamaka ngati denga ndi laudzu. Mabawuti onse amamangidwanso kawiri pachaka, mvula ikatha ndiponso kumapeto kwa chilimwe, ndipo nthawi yomweyo mmisiri amayang'ana ngati chiswe chayamba kumanga tinjira tadothi m'miyendo.