AZIMAI OKONGOLETSA MAKEKE ASAMALE MAPAZI NDI MSANA

Pa Ciweru ciri conse, m'maholo ndi m'mabwalo a machalichi mu Lusaka, anthu oitanidwa ku ukwati amaimirira ndi kuomba m'manja pamene keke yosanjikana katatu ilowa. Amayamikira maluwa a shuga ndi mizere yoyera yozungulira m'mbali mwake. Koma ndi ocepa okha amene amakumbukira mai amene anaikongoletsa, amene pa nthawi yomweyo angakhale ali gone ku nyumba kwake ku Chawama kapena ku George, mapazi atatupa, msana ukukana kuwongoka.

Nchito yophika ndi kukongoletsa makeke yakula kwambiri m'makomboni a Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George. Keke ifunika pa ukwati, pa kicheni pate, pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mwana, ndiponso pamene wophunzira atsiriza maphunziro ake. Ambiri mwa ogwira nchitoyi ndi azimai, ndipo ena mwa iwo ndi ana a ku Chipata, Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi amene anabwera mu mzinda kudzafuna umoyo. Ndalama za keke ndizo zilipira lendi ndi kugula mayunifomu a ana, ndipo zina zimafika ku mudzi pa nyengo yogula feteleza. Motero mai wotere akagona ndi msana, bvuto silithera pa khomo pake pokha.

Mai wa makeke amasunga uvuni wake bwino, amatsuka ziwiya, ndipo salola mwana kukhudza sikelo yopimira fulawa. Koma ziwiya zimene amaimirapo tsiku lonse, ndiko kuti mapazi ndi msana, kawiri-kawiri amaziiwala kufikira zitayamba kumulepheretsa nchito.

NCHITO YA MASIKU ATATU

Keke ya ukwati wa pa Ciweru imayambidwa pa Cinai. Tsiku limenelo mai amapita kukagula fulawa, shuga, majarini ndi mazira, nasenza katunduyo kucokera pa siteshoni ya basi kufikira ku nyumba. Akatero amasakaniza ndi kuphika zigawo zonse za keke, cimodzi-cimodzi, cifukwa uvuni wa m'nyumba ndi waung'ono.

Pa Cisanu ndipo pagona nchito yeni-yeni. Zigawo zija zikazizira zimadulidwa kuti zilingane, zimapakidwa kirimu, kenaka zimakutidwa ndi aising'i yofinyidwa ndi kuyalidwa pa thebulo ndi mphamvu za mikono. Potsiriza amalemba mizere ndi kuumba maluwa limodzi-limodzi. Pa nchito iyi dzanja siliyenera kunjenjemera. Mai amawerama, khosi liri pansi, mapazi ali pa malo amodzi osasuntha, ndipo maola amapita iye osadziwa. M'mwezi wa October, pamene kutentha kumasungunula kirimu, ambiri amadikira usiku kuti kuzizire.

M'caka ca 2024 bvutoli linakula. Cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, ndipo m'madera ambiri a Lusaka magetsi anali kuthima maola oposa 17 pa tsiku. Ophika makeke anali kudzuka pakati pa usiku magetsi akabwera, nagwira nchito ya tsiku lonse m'maola ocepa osapumula. Ena anabwerera ku mbaula, kuika poto pa moto ndi makala ena pa cibvundikiro, nchito imene ifuna kuwerama nthawi ndi nthawi.

KUIMA KUPWETEKA KUPOSA KUYENDA

Mai wa ku mudzi angadabwe kumva kuti munthu wogwira nchito m'nyumba, pa mthunzi, adandaula za mapazi. Iye amayenda mtunda kupita ku munda ndi ku citsime, amasinja, amasenza nkhuni. Koma pa nchito zonsezi thupi limasintha-sintha: apa ayenda, apa agwada, apa akhala pa mphasa kupeta ufa. Wokongoletsa keke amaima cabe.

Magazi otsikira ku mapazi amafunika kukwera kubwerera ku mtima. Cimene cimawakankha ndi akatumba a m'miyendo, amene amafinya mitsempha ya magazi nthawi iri yonse munthu akaponda. Munthu akaima osasuntha, akatumbawo sagwira nchito imeneyi, magazi amacedwa m'munsi, ndipo pofika madzulo akakolo amatupa, miyendo imalemera. Zaka zikamapita, ena amayamba kuona mitsempha yotupa ndi yopindika-pindika kumbuyo kwa miyendo, maka-maka azimai amene anabereka kangapo.

Phazi limodzi liri ndi mafupa 26. Pansi pake pali mtsempha wolimba, wotambalala ngati lamba, wocokera ku cidendene kufikira ku zala, umene umagwira mafupawo kuti pakati pa phazi pakhale pokhota. Mtsempha umenewu ukalemedwa tsiku ndi tsiku umayamba kupweteka pafupi ndi cidendene. Cizindikiro ndi cakuti munthu podzuka m'mawa, mapondedwe oyamba amamveka ngati waponda msomali, kenaka ululu umacepa akayenda pang'ono, nubweranso akaima nthawi yaitali.

Pansi pa nyumba napo pamathandiza bvutoli. Kuyambira m'caka ca 1974, pamene Boma linayamba nchito yokonza makomboni monga George ndi Chawama, mabanja ambiri anagwetsa nyumba zadothi namanga za mabuloko, pansi pothira simenti. Ici cinali citukuko, koma simenti ndi youma gwa. Siibwezera kanthu ku phazi, ndipo ikapakidwa polishi, nigwerapo kirimu kapena madzi, imaterera.

Msana nawo uli ndi mlandu wake. Thebulo za m'nyumba zambiri zinapangidwira kudyerapo munthu atakhala pansi, osati kugwirirapo nchito ataima. Mai akawerama pa thebulo yotere, minofu ya m'ciuno imanyamula kulemera kwa cifuwa, mutu ndi mikono kwa maola ambiri, ndipo potsiriza imauma ndi kupweteka.

NSAPATO YOYENERA

Azimai ambiri amagwira nchitoyi osabvala nsapato, kapena atabvala mapatapata. Patapata ndi yopyapyala, siigwira cidendene, ndipo zala zimakakamizika kuipana kuti isabvuke, cimene cimatopetsa phazi. Nsapato za pulasitiki zosalala pansi zimaterera ndi kusunga thukuta. Za gogoda zimakankhira kulemera konse ku zala ndi kupinda ciuno. Zimenezi ndi zobvala popita ku phwando, osati pa thebulo ya nchito.

Nsapato yabwino siifunika kukhala yodula. Pa misika ya Soweto ndi City Market, ndi pa misika ya m'makomboni, pali milu ya nsapato za salaula, ndipo munthu wodziwa cofuna angapeze yoyenera. Cofunika ndi kuiyesa ndi manja asanalipire. Akaipinda, ipindike pa malo a zala pokha, osati pakati. Akaipotoza ngati mmene acitira pofinya nsalu, ikane. Kumbuyo kwake, kumene kumagwira cidendene, kukhale kolimba. Pansi pakhale pa labala wokhuthala, wa mizere yogwira simenti, ndipo cidendene cikwere pang'ono cabe, masentimita 2 kapena 3. Nsapato ya zingwe kapena ya lamba iposa yongolowetsa phazi, cifukwa imamasulidwa phazi likatupa.

Nsapato ya salaula inayenda kale ndi phazi la munthu wina. Wogula aitembenuze, aone ngati pansi panadyeka mbali imodzi. Yotere imapendeketsa phazi, bondo ndi ciuno, ndipo ndi bwino kuisiya ngakhale mtengo wake ukhale wotsika. Asanaibvale aicape ndi sopo ndi kuiyanika pa dzuwa.

Nthawi yabwino yogula nsapato ndi masana kapena madzulo, pamene mapazi akula ndi kuyenda kwa tsiku. Wogula ayese zonse ziwiri ataimirira, pakuti mwa anthu ambiri phazi limodzi limakulirapo kuposa linzake. Pakati pa cala cacitali ndi nsonga ya nsapato patsale mpata wolingana ndi kukula kwa cala cacikulu ca ku dzanja, ndipo zala zithe kugwedezeka momasuka. Mau a wogulitsa akuti nsapato yothina idzatambasuka yokha asamveredwe.

Nsapato ya nchito ikhale ya m'nyumba mokha. Ici cithandiza pa ukhondo wa cakudya, ndiponso pa nyengo ya mvula, maka-maka ku Kanyama kumene madzi amaima m'miseu masiku ambiri. Mai akabwera ndi majombo kucokera ku msika, asambe mapazi, apukute bwino pakati pa zala, ndipo abvale nsapato youma. Pansi pa nsapato pakatha, osoka nsapato a pa msika amamatapo labala wina pa mtengo wocepa.

THEBULO, NJERWA NDI MPANDO

Nsapato yokha siingathetse bvuto ngati malo ogwirirapo nchito sanakonzedwe. Muyeso wake ndi cigongono. Pofinya ndi kuyala aising'i, thebulo ikhale pansi pa cigongono ngati cikhatho cimodzi kapena ziwiri, kuti kulemera kwa thupi kuthandize mikono. Polemba mizere ndi kuika maluwa, keke ikwezedwe kufikira pa cigongono kapena pamwamba pang'ono, kuti mai asaweramire. Thebulo yaifupi ingakwezedwe poika mabuloko olingana pansi pa miyendo yake, ndipo keke ingaikidwe pa poto wamkulu wobvundikira. Ciwiya cozungulitsira keke ndi cothandiza kwambiri, pakuti keke ndiyo imatembenuka, munthu osapotoza ciuno.

Pansi pa thebulo paikidwe njerwa imodzi. Mai aponde pa njerwayo ndi phazi limodzi, pakapita kanthawi asinthe ndi linzake. Kacitidwe kakang'ono aka kamapumulitsa minofu ya m'ciuno. Pa malo oimapo payalidwe cidutswa ca labala, kapena makatoni awiri osanjikiza, koma ayalidwe mosaterera ndi mosakola phazi.

Si nchito yonse ifuna kuima. Maluwa a shuga angaumbidwe munthu atakhala pa mpando, msana utatsamira. Pa mbaula ndi bwino kukhala pa kampando kakafupi kusiyana ndi kuwerama miyendo iri ciriri. Ndipo pa theka la ola liri lonse mai asiye nchito kwa mphindi ziwiri, ayende kufika pa khomo, anyang'ame pa zala kangapo kuti magazi akwere.

Thumba la fulawa la makilogalamu 25 kapena 50 lathyola misana yambiri. Ponyamula, munthu apinde maondo, msana uli wowongoka, katundu ali pafupi ndi thupi, ndipo asatembenuke ciuno katundu ali m'manja. Keke ya zigawo zitatu ndi yolemera ndithu. Anthu awiri ainyamule, kapena zigawo zinyamulidwe padera ndi kukasanjikidwa ku holo.

POWERUKA

Nchito ikatha, mai agone cagada pa mphasa, miyendo ataikweza pa mpando kapena pa khoma kwa mphindi 15. Kubviika mapazi m'beseni ya madzi ofunda kumacepetsa kutopa. Wobvutika ndi cidendene agubuduze botolo pansi pa phazi atakhala pa mpando. Aimenso moyang'ana khoma, manja pa khoma, mwendo umodzi kumbuyo cidendene ciri pansi, natsamire kutsogolo kufikira amve akatumba akukokeka. Awerenge kufika 30, nasinthe mwendo. Izi zicitike m'mawa ndi madzulo, ndipo zimafuna kudekha, cifukwa cidendene cimatenga miyezi kuti cipole.

Pali cizolowezi cogula mapilitsi oletsa ululu pa kantemba ndi kumwa tsiku ndi tsiku kuti nchito ipitirire. Mapilitsi monga ibuprofen ndi diclofenac, akamwedwa nthawi yaitali popanda uphungu wa a cipatala, angabweretse zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Amabisa ululu, koma cimene cinaubweretsa cimakhala ciri pomwepo.

PAMENE CIPATALA CIFUNIKA

Kupweteka kwa msana kwa masiku onse kumacepa munthu akasintha magwiridwe a nchito ndi kupitiriza kuyenda-yenda. Kugona pa bedi masiku ambiri sikuthandiza. Koma pali zizindikiro zosayenera kudikira. Ngati ululu utsika m'mwendo pamodzi ndi dzanzi kapena kufooka, ngati munthu alephera kugwira mkodzo kapena cimbudzi, ngati mwendo umodzi wokha watupa mwadzidzidzi, nutentha ndi kupweteka, apite ku cipatala tsiku lomwelo. Cimodzi-modzi ngati msana upweteka pamodzi ndi kutentha thupi, kuonda ndi kutuluka thukuta usiku, pakuti cifuwa cacikulu cimagwiranso mafupa a msana.

Dzanzi kapena kuocha kwa mapazi onse awiri, ndi cironda cosapola, zingakhale zizindikiro za matenda a shuga. Wodwala matendawa asayende osabvala nsapato, ayang'ane mapazi ake tsiku liri lonse, ndipo ayese kutentha kwa madzi ndi cigongono asanabviikemo mapazi, cifukwa angapse osamva.

Ku Kanyama, Matero ndi Chawama kuli zipatala za Boma, ndipo ku Kalingalinga, Mtendere ndi George kuli makiliniki kumene amapima shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Bvuto likakhala lalikulu amatumiza wodwala ku University Teaching Hospital, kumene kuli akatswiri ophunzitsa kulimbitsa minofu ndi kuwongola ziwalo. Akuluakulu anati zengerezu analinda kwaukwau.

Powerengera mtengo wa keke, mai amaika fulawa, mazira, makala ndi ndalama ya galimoto. Ndi bwino kuti pa oda iri yonse apatulenso kangacepe ka nsapato, monga mlimi apatula ndalama yokonzera khasu ndi goli la ng'ombe. Amuna ndi ana a m'nyumba athandize kusenza matumba ndi kukweza thebulo. Makolo a ku mudzi nawonso, polankhula pa foni ndi mwana wao wa ku Lusaka, asamangofunsa za ndalama ya feteleza. Amufunsenso ngati ali ndi nsapato yogwirira nchito, ndiponso ngati msana unakaonedwa ku kiliniki.