KUSUNGA ZIDA ZANU ZOLEMBERA PA KOMPYUTA

Mmisiri wa matabwa saponya zida zake paliponse. Sowo ili ndi malo ake, hamala ili ndi malo ake. Akafuna chida, dzanja limangopita lokha. Wolemba pa kompyuta nayenso ayenera kutero.

Ena mwa inu kuno ku Nzama mwasankhidwa kukhala alembi a banki mkhonde, a komiti ya mjigo kapena a kalabu ya alimi. Kalata yopita kwa a DC ku Ntcheu imaŵerengeka bwino ikakhala yotayipa. Koma kompyuta nthaŵi zambiri imakhala yobwereka, mwinanso yolipira. Mukamafufuza chida uku ndi uku, nthaŵi ikutha, ndalama nazonso zikupita.

KAMZERE KA ZIDA

Pulogalamu imene ambiri amalembera makalata dzina lake ndi Microsoft Word. Inayamba m'chaka cha 1983. Zida zake ndi tizithunzi ting'onoting'ono tomwe mumadina ndi mausi. Tizithunzito ntambirimbiri, ndipo wophunzira kumene amasokonezeka nato.

Koma kuyambira mu Word ya 2007, pamwamba penipeni pali kamzere kakafupi kotchedwa Quick Access Toolbar. Apa ndi panu. Mutha kuikapo zida zokhazo zimene mumagwiritsa ntchito kaŵirikaŵiri. Mlembi angayambe ndi zinayi izi:

Save: kusunga zimene mwalemba. Magetsi akathima mwadzidzidzi, zosasunga zimatha kutayika.
Undo: kubweza pamene dzanja laphonya.
Open: kutsegula kalata yakale.
Quick Print: kutulutsa kalata papepala.

Kumapeto kwa kamzereko kuli kamuvi koloza pansi. Dinani pamenepo, ndipo sankhani zida zimene mukufuna. Zidzaoneka pamzerepo nthaŵi yomweyo.

ZIDA ZIMASOŴA BWANJI?

Zida zimene mwayala zimakhala m'kompyuta imeneyo basi. Mukapita pa kompyuta ina, simuzipeza. Kompyuta ikagwidwa vayirasi, wokonza amafufuta zonse nkuikamo pulogalamu mwatsopano. Pamenepo mzere wanu wapita. Mwinanso mnzanu amene anakhalapo dzulo wasintha zonse.

Mlimi wanzeru sadya mbeu yonse. Amapatula ina nkuisunga padera. Inunso sungani mzere wanu padera, m'fulashi. Fulashi ndi kachipangizo kotalika ngati chala kamene amalumikiza ku kompyuta posunga zolemba.

KASUNGIDWE KAKE

Njira iyi imatheka mu Word ya 2010 ndi zina zonse zobwera pambuyo pake. Mawu ake ndi a Chingerezi, koma musaope. Aŵerengeni chilembo chimodzichimodzi, monga tinkachitira m'kalasi.

1. Loŵetsani fulashi yanu.
2. Dinani File, kenaka Options.
3. Kumanzere, dinani Quick Access Toolbar.
4. Chakumunsi, dinani Import/Export.
5. Sankhani Export all customizations.
6. Sankhani fulashi yanu, ndipo dinani Save.

Mwatha. Kompyuta yapanga kafayilo kakang'ono kamene dzina lake limathera ndi mawu akuti exportedUI. M'kafayilomo mulibe makalata anu ayi. Muli ndondomeko ya zida yokha. Makalata muziwasunga paokha.

KABWEZEDWE KAKE

Tsiku limene zida zasoŵa, bwerezani njira yomwe ija kuyambira 1 mpaka 4. Pa 5 sankhani Import customization file. Pezani kafayilo kaja m'fulashi nkukatsegula. Kompyuta idzakufunsani ngati mukufunadi kusintha. Dinani Yes. Zida zanu zidzabwerera, chilichonse pamalo pake.

CHENJEZO

Mukaloŵetsa kafayilo kanu, zida zimene mwini kompyuta anayala zimachoka, nkuloŵa zanu. Tsono musachite zimenezi pa kompyuta ya eni ake osapempha. Akalola, yambani mwasunga mzere wao m'kafayilo kena, kuti mukamaliza muwabwezere. Chobwereka chimabwezedwa monga momwe chinaliri.

Fulashi nayonso imatayika, ndiponso imaonongeka ikanyoŵa. Choncho lembani maina a zida zanu m'kope la gulu. Zikavuta, mudzaŵerenga m'kopemo nkuziyalanso chimodzichimodzi. Mlembi amene adzaloŵe m'malo mwanu adzakuthokozani.

MAFUNSO

1. Tchulani zida zinayi zofunika kwa mlembi.
2. Kodi zida zimene mwayala zingasoŵe m'njira ziti?
3. Nchifukwa chiyani tiyenera kupempha tisanaloŵetse kafayilo kathu pa kompyuta ya munthu wina?
4. Lembani m'kope mwanu njira 6 zosungira zida.