Ndere ya pa Phulusa ndi Mtobvu wa ku Kabwe

MVULA ya dzinja ikakhazikika, alimi ambiri amaona kamphasa kobiriwira katayala pamene panaochedwa makala, pa mulu wa phulusa m'munda, kapena pa bwinja la nyumba imene inapsa. Udzu umakhala usanamere, koma iko kafika kale. Kammera kameneka ndi mtundu wina wa ndere ya pamtunda, yosiyana ndi ndere yoterera ya m'madzi, ndipo akatswiri a zomera amakacha Funaria hygrometrica. Kamapezeka m'maiko ambiri, ofunda ndi ozizira omwe.

Ndere imeneyi iribe maluwa, iribe njere, iribenso mizu yeniyeni. Tsinde lace ndi lalifupi ngati cikhadabo. Imagwira nthaka ndi timaulusi topyapyala, ndipo madzi imamwa ndi thupi lace lonse. Kuti ibereke pamafunika madzi, pakuti mbeu yaimuna imasambira m'kadontho ka mvula kufikira itapeza yaikazi. Zikakumana pamatuluka kaphesi kofiirira, kotalika masentimita 2 kufikira 5, ndipo kumapeto kwace kumakhala kathumba kozolika konga kacipanda. M'kathumbamo muli timbeu zikwi zambiri tonga fumbi, timene mphepo imauluza kutali. Ndico cifukwa cace ndereyi imafika pamalo pamene munthu sanaibzale.

Kunja kukauma kaphesi kaja kamadzipota ngati cingwe, ndipo kukacita cinyezi kamamasuka. Dzina lace linacokera pamenepa: liu loyambalo likunena za cingwe, ndipo laciwirilo likunena za kuyesa cinyezi.

Phulusa imalikonda cifukwa liri ndi potashi ndi micere ina, ndiponso limacepetsa kuwawasa kwa nthaka. Komanso moto umakhala utapha zomera zimene zikanaiphimba. Ikayala imamanga phulusa ndi dothi la pamwamba kuti madzi asakokolole, ndipo imasunga cinyezi cimene njere za udzu zimamerera. Pakapita dzinja limodzi kapena awiri udzu umakula nuicinga dzuwa, ndipo ndereyo imazimirira. Motero mlimi akaipeza m'munda mwace asaipale, pakuti siilanda cakudya ca cimanga.

Cimene cacititsa akatswiri cidwi koposa ndi cakuti ndereyi imapirira pa nthaka yoipitsidwa ndi zitsulo zaululu, pamene mbeu zambiri zimafota. M'caka ca 2017 akatswiri a ku bungwe la RIKEN m'dziko la Japan analengeza zimene anapeza atalera timaulusi tobiriwira timene timayamba kumera kucokera ku timbeu tace. Ataika timaulusito m'madzi okhala ndi mtobvu, tinayamwa mtobvuwo mpaka unafika 74 peresenti ya kulemera kwace titaumitsidwa. Mtobvu wambiri unakakamira m'makoma a timaulusito.

Nkhani imeneyi ikukhudza dziko la Zambia. Ku Kabwe, kumene kale kunkachedwa Broken Hill, miyala ya mtobvu ndi zinki inapezeka m'caka ca 1902, ndipo mgodi unagwira nchito kufikira unatsekedwa m'caka ca 1994. Fumbi la mtobvu linatsala m'nthaka ya makomboni oyandikana ndi mgodiwo. Mtobvu ukalowa m'magazi a mwana umaononga ubongo, ndipo mwanayo amabvutika kuphunzira. Ngati ndere yoleredwa bwino ingathe kusefa madzi ocokera ku migodi, lingakhale thandizo lalikulu kwa anthu okhala m'malo otere.

Koma owerenga azindikire cinthu cimodzi. Zimene zinacitika ku Japan zinacitikira m'nyumba yoyeseramo zinthu, ndipo ndere yomera yokha pabwalo siingacotse ululu umene uli pansi m'nthaka. Popeza imamera ngakhale pamene paipa, kubiriwira kwace si umboni wakuti malowo ndi abwino kulimapo ndiwo zamasamba kapena kuseweretsapo ana. Makolo okhala pafupi ndi migodi yakale ayenera kusambitsa ana m'manja asanadye, kutsuka bwino ndiwo za m'dimba, kubzala udzu pabwalo kuti fumbi lisauluke, ndi kupita ndi ana ku cipatala kuti akapimidwe magazi.

Kumidzi nako, ndereyi ikacuruka m'thengo isonyeza kuti moto wadutsa kawirikawiri. Imaphimba bala la moto m'milungu yowerengeka, koma mtengo wa msuku kapena mubanga umene wasanduka makala umafuna zaka makumi kuti ubwerere.