Ufulu wa Kulankhula ndi Mbiri ya Woyimbira Mpira ku America

Usiku wa pa 24 Januwale 2011, mu mzinda wa Minneapolis ku America, munali mpira wa basketball pakati pa timu ya Minnesota Timberwolves ndi timu ya Houston Rockets. Mmodzi mwa oyimbira atatu a tsikulo anali Bambo Bill Spooner, amene anali atagwira ntchitoyi zaka zoposa 20 m'bungwe la NBA, ndilo bungwe lalikulu loyendetsa mpira umenewu m'dzikomo. Masewero ali mkati, a Spooner analiza wezulo nanena kuti wosewera wa Minnesota walakwa, ndipo mphunzitsi wa timuyo, Bambo Kurt Rambis, anadandaula. Chapafupi panali mtolankhani wa Associated Press, Bambo Jon Krawczynski, amene analemba pa Twitter kuti wamva woyimbirayo akulonjeza mphunzitsi uja kuti amubwezera zimene wataya, ndi kuti pambuyo pake anayimbadi mopondereza a Houston.

Mawuwo anali ochepa, koma kwa woyimbira mpira palibe chitonzo choposa chimenecho, pakuti chikutanthauza kuti iye analiza wezulo dala, akudziwa kuti palibe wolakwa. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho a Spooner anakamang'ala ku bwalo la milandu kuti mbiri yawo yaipitsidwa, napempha chipukutamisozi choposa madola 75,000. Mlanduwo sunafike pogamulidwa. Mu Disembala mbali ziwirizo zinamvana: Associated Press inalipira madola 20,000 a zimene a Spooner anawononga poyendetsa mlandu, mawu aja anafafanizidwa, ndipo kunavomerezedwa kuti mwina mtolankhaniyo sanamvetse bwino zimene anthu awiriwo ankakambirana.

Nkhani imeneyi taibweretsa kwa awerengi athu chifukwa ikuonetsa poyera funso limene limavuta aliyense wokhala pa mpando woweruza anzake, kaya ndi mphunzitsi wochonga mayeso kaya ndi kalaliki wa m'boma: kodi kudandaula kumathera pati, ndipo kuipitsa mbiri ya munthu kumayambira pati?

Chimene lamulo linena

Ku America ufulu wa kulankhula unalembedwa m'malamulo aakulu a dzikolo m'chaka cha 1791. Koma tiyenera kumvetsa kuti lamulolo limaletsa Boma kutseka anthu pakamwa. Silinena kuti munthu angathe kunamizira mnzake popanda mlandu. M'chaka cha 1964, pa mlandu wa nyuzipepala ya New York Times ndi Bambo Sullivan, Bwalo Lalikulu Koposa la dzikolo linagamula kuti wantchito wa Boma amene akudandaula kuti waipitsidwa mbiri ayenera kuonetsa kuti wolembayo anadziwa kuti ndi bodza, kapena kuti sanasamale konse ngati ndi zoona kapena ayi. M'chaka cha 1967 chigamulo chimenechi chinafikanso kwa anthu otchuka amene sali m'Boma, ndipo mlandu wake unali wa masewero: magazini ya Saturday Evening Post inalemba kuti Bambo Wally Butts, mkulu wa masewero pa yunivesite ya Georgia, anapangana ndi mphunzitsi wa timu ina kuti agulitse mpira. A Butts anapambana, popeza magaziniyo sinafufuze nkhaniyo monga kuyenera.

Pali chigamulo chinanso cha 1990, pa mlandu wa Bambo Milkovich, mphunzitsi wa masewero ogwetsana pa sukulu ina ya ku Ohio. Pamenepo Bwalo linanena kuti wolemba sangathawe mlandu pongoti awa ndi maganizo anga chabe, ngati mkati mwa maganizowo muli chinthu chimene chingathe kutsimikizidwa kuti ndi choona kapena chabodza. Tsono munthu akanena kuti woyimbira uja wayimba moipa, amenewo ndi maganizo ake ndipo palibe womuletsa. Koma akanena kuti woyimbira wakutiwakuti analandira ndalama kapena analonjeza kukondera, wanena chinthu chofuna umboni.

Chindapusa cha a m'nyumba

Osewera, aphunzitsi ndi eni matimu ali ndi lamulo lina pamwamba pa limeneli, ndilo la bungwe lawo. Popeza NBA si Boma, ili ndi mphamvu yolipitsa anthu ake akanyoza oyimbira pagulu. Mu Januwale 2002, Bambo Mark Cuban, amene panthawiyo anali mwini timu ya Dallas Mavericks, analipitsidwa madola 500,000 chifukwa chonena kuti mkulu wa oyimbira, Bambo Ed Rush, sangamulembe ntchito ngakhale yoyang'anira sitolo ya Dairy Queen yogulitsa ayisikilimu. M'chaka cha 2005 Bambo Jeff Van Gundy, mphunzitsi wa Houston, analipitsidwa madola 100,000 atanena kuti oyimbira akumulonda mwapadera wosewera wawo wa ku China, Yao Ming.

Chifukwa chake cha chindapusa chotere ndi chomveka. Mpira umene anthu aleka kukhulupirira woyimbira wake wafa, ndipo ulamuliro uliwonse uyenera kuteteza antchito ake ku chipongwe. Komabe chindapusa chimangotseka pakamwa pa a m'nyumba. Sichiyankha funso limene lili m'mitima ya anthu oonerera. Zimenezi zinaoneka bwino m'chaka cha 2007.

Mlandu wa a Donaghy

M'mwezi wa Julaye chaka chimenecho kunamveka kuti apolisi a FBI akufufuza Bambo Tim Donaghy, amene anayimbira mpira wa NBA zaka 13. Iwo anatula pansi ntchito, ndipo mu Ogasiti anavomera pamaso pa bwalo milandu iwiri yokhudza juga: ankauza anthu obetcha zinsinsi za ntchito yawo nalandirapo ndalama, ndiponso anavomera kuti ankabetcha pa masewero ena amene iwo eni ankayimbira. Mu Julaye 2008 anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 15.

Asanagamulidwe, a Donaghy kudzera mwa loya wawo analembera bwalo kuti oyimbira ena anakondera dala pa mpira wina wa 2002 pofuna kuti mpikisano utalike. Anthu onse anazindikira kuti akunena za mpira wachisanu ndi chimodzi pakati pa Los Angeles Lakers ndi Sacramento Kings, umene m'chigawo chake chomaliza a Lakers anapatsidwa mwayi woponya mpira popanda wowatchinga maulendo 27, pamene a Kings anapatsidwa maulendo 9 okha. Mkulu wa NBA wa nthawiyo, Bambo David Stern, anakana zonsezi nati ndi mawu a munthu wopezeka wolakwa amene akufuna kuti chilango chake chichepe. Bungwelo linali litapempha loya wina, Bambo Lawrence Pedowitz, kuti afufuze, ndipo lipoti lawo la Okutobala 2008 linanena kuti panali zolakwa pa kayimbidwe ka mpira wa 2002 uja, koma silinapeze umboni woti panali chipangano, kapena woti woyimbira wina anachita monga a Donaghy.

M'chaka cha 2009 kampani imene inafuna kusindikiza buku la a Donaghy inabwerera m'mbuyo poopa milandu, ndipo bukulo linatulutsidwa ndi kampani ina yaing'ono. Apa tikuona mbali ziwiri za lamulo loteteza mbiri ya munthu. Limatchinjiriza oyimbira amene akadatchulidwa mayina popanda umboni. Koma limachititsanso mantha osindikiza, kotero kuti ngakhale nkhani yoyenera kufufuzidwa ikhoza kutsala m'kabati. Ndipo kufikira lero ambiri a ku Sacramento sanakhutire, pakuti mlandu suola.

Amene anabwera ndi chiwerengero

Panali anthu ena awiri amene ananena mawu olemera koposa onsewa, koma anayenda njira ina. Bambo Joseph Price ndi Bambo Justin Wolfers, akatswiri a zachuma, anasanthula zolembedwa za masewero a NBA a zaka 13, kuyambira 1991 kufikira 2004. Anapeza kuti wosewera amene khungu lake likufanana ndi la oyimbira a tsikulo ankapezeka wolakwa maulendo ocheperapo pang'ono poyerekeza ndi pamene oyimbira ali a khungu lina, ndipo kusiyanako kunkafika pa 4 mwa 100 alionse. Nkhaniyi inatuluka pa tsamba loyamba la New York Times mu Meyi 2007. A NBA anaikana kwamtuwagalu, nati kafukufuku wawo wa iwo eni akuonetsa kuti palibe tsankho. Koma akatswiriwo sanatchule woyimbira aliyense kuti ndi wachinyengo, ndipo anafotokoza njira imene anawerengera kuti wina aliyense wofuna ayese yekha. Ntchito yawo inasindikizidwa m'chaka cha 2010 mu Quarterly Journal of Economics.

Chodabwitsa chinadza pambuyo pake. Akatswiri omwewo, pamodzi ndi Bambo Devin Pope, anawerenganso masewero a zaka zotsatira, napeza kuti tsankho lija linalipobe kufikira 2006, koma kuyambira 2007 kufikira 2010, nkhani ija itamveka ponseponse, silinaonekenso. Iwo anaganiza kuti oyimbira sankakondera mwadala, ndipo atangodziwa za chizolowezi chobisika chimenechi anayamba kudzisamala. Akulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Anthu awa anasiya kulozana zala nafunafuna chimene chinatsitsa dzaye, ndipo ndiwo amene mawu awo anabala chipatso.

NBA nayonso inaphunzirapo kanthu. Kuyambira Malichi 2015 inayamba kufalitsa lipoti la mphindi ziwiri zomaliza za masewero amene matimu atha mosasiyana kwambiri, momwe imanena poyera pamene oyimbira analondola ndi pamene analakwa. Bungwe la oyimbira linadandaula kuti malipotiwa amautsa mkwiyo wa anthu pa iwo, chikhalirecho sasintha zotsatira za mpira. Dandaulo limenelo lili ndi nzeru yake; komabe ofesi imene ivomera yokha kulakwa kwake imachotsera amiseche chakudya chawo.

Phunziro lake

Tikaika nkhani zonsezi pamodzi tipeza kuti ufulu wa kulankhula ndi mbiri ya munthu si adani. Mtolankhani wa ku Minneapolis anali ndi ufulu wonse wonena kuti kayimbidwe kanali koipa. Anapunthwa pamene anaika m'kamwa mwa munthu wodziwika dzina mawu amene iye sakanatha kuwatsimikiza. A Cuban anali ndi ndalama zolipirira mkwiyo wawo, koma chipongwe sichinakhale umboni. A Donaghy ananena zambiri, koma popeza anali atadziwonongera okha mbiri, mawu awo anasowa mboni yowaimiritsa. Ndipo bungwe limene linkayankha madandaulo ndi chindapusa linadzazindikira kuti linali ndi woyimbira wa juga pakati pake.

Aphunzitsi ambiri mwa awerengi athu amagwira wezulo Loweruka pa mpira wa ana a sukulu, ndipo adziwa kuwawa kwa kunenedwa kuti wakondera pamene wachita zimene waona ndi maso. Antchito a Boma nawonso amamva mawu omwewo pa nkhani ya kukwezedwa pa ntchito ndi kusamutsidwa. Kwa wodandaula tinena kuti: nenani chimene mwaona, tsiku lake ndi chiwerengero chake, ndipo musatchule dzina la munthu pa chinthu chimene mwangomva. Kwa wokhala pa mpando tinena kuti: sungani bwino zolembedwa zanu, ndipo wodandaula akafika, mutsegulireni buku aone yekha.