Samalani Ekisero ya Ngolo Yanu Misika Isanatsegulidwe

Inu alimi amene muli ndi ngolo ya ng'ombe, kodi munayamba mwagwada ndi kuona chitsulo chimene chisenza katundu wanu? Ngolo zambiri za m'midzi zipangidwa ndi ekisero ya kumbuyo ya garimoto yakale, monga Land Rover kapena Peugeot 404. Chitsulo chimenechi nchokhalitsa ndithu, koma chikapanda kusamalidwa chidzakutayani panjira pamodzi ndi matumba anu a chimanga.

Poyamba masulani ng'ombe pagoli, imikani ngolo pamalo osapendekeka, ndipo tsekerani magudumu ndi miyala. Musalowe pansi pa ngolo yoima pa jeke yekha. Ikani chipika cholimba.

Pakati pa ekisero pali chimphika chotchedwa difu. M'kati mwake muli magiya amene alola gudumu lakunja kuthamanga koposa linzake pamene ngolo ikhota. Magiya amenewa afuna oyilo wolemera wa nambala 90. Masulani chotsekera cha pambali pa chimphika ndi kupisamo chala: oyilo ayenera kufika pakamwa pa bowo. Akaoneka woyera ngati mkaka, madzi analowamo powoloka mtsinje. Mukhetseni yense ndi kuthiramo watsopano.

Tsopano nyamulani gudumu limodzi, ligwireni pamwamba ndi pansi, ndi kuligwedeza. Likagogoda, beringi yatha, ndipo gudumu lotere likhoza kuguluka ngolo ili ndi katundu. Kenaka lizungulizeni pang'ono-pang'ono uku ndi uku. Likayenda mtunda ndithu magiya asanagwirane, ndi kulira kuti gu! ndiye kuti mano adyeka. Mpata woyenera pakati pa mano aakulu sufika theka la milimita, ndipo aukonza ndi timalata topyapyala. Iyi ndi ntchito ya makaniko. Nyundo ingaononge zonse.

Ngati ngolo yanu ili ndi masipuling'i, onani mabushi a mphira amene ali kumapeto kwake. Kankhani ndi chitsulo. Mphira wong'ambika alola ekisero kupendekera, ndipo ngolo iyenda cham'mbali ngati nkhanu. Pamenepo matayala adyeka mbali imodzi, ng'ombe zitopa msanga, ndipo goli lizitupula pakhosi. Sinthani mabushi a mbali zonse ziwiri tsiku limodzi. Polowetsa atsopano pakani madzi a sopo, osati oyilo kapena girisi, pakuti mafuta awoletsa mphira. Manati ake muwamange kotsiriza ngolo itatsika ndi kuima pa magudumu ake, kuti mphira asapotoke.

Mabushi ndi oyilo sizidya ndarama zambiri. Koma ngolo ikafa pakati pa dambo, mudzalipira ya mnzanu, mbewu zidzagona kutchire, ndipo ng'ombe ya zilonda pakhosi siidzalima msanga mvula ikagwa. Chitani ntchito imeneyi mlungu uno, ndipo pamene pakuvutani funsani mlangizi wa m'dera lanu.